Ngwazi Yobisa Nkhope Imayankha kwa Yani?

Amalume anga a ku Khuyu, pachilumba cha Likoma, ali ndi bokosi lachitsulo limene mwana aliyense wa pakhomopo adakula akudziwa kuti salikhudza. Tili ana tinkanong'onezana kuti muli ndalama za ku Joni, ena ankati muli mankhwala oitanira usipa. Chaka chatha adandiitanitsa poti thupi lidali litayamba kuwakana, ndiye ndidakwera Ilala pa Nkhata Bay. Tsiku lachiwiri chifikireni, titatha kudya nsima ya kondowole, adandiuza kuti ndikoke bokosi lija kunsi kwa bedi. Nditatsegula ndidaphulika nako kuseka. Mudali timabuku ta zithunzi, tija timati makomiki, tofiirira ndi ukalamba, tina todyedwa ndi njenjete m'mphepete.

Iwo sadaseke. Adati, "Usaseke mphwanga. Timabuku timeneti tidamangitsa munthu."

Nkhani ya munthuyo ndifika nayo. Poyamba ndikuuzeni za timabukuto, poti ambiri a inu a m'tauni ngwazi zimenezi mudazidziwira m'mafilimu a pafoni ndi m'tinyumba ta vidiyo, osati papepala ayi.

Pamwamba padali African Film, magazini a zithunzi zojambula ndi kamera amene kampani ya Drum inkasindikiza kuyambira 1968 mpaka 1972. Mwini nkhani adali Lance Spearman, amene anyamata ankangomuti Spear: munthu wakuda ngati ife, wovala suti ndi chipewa, ndudu yaikulu kukamwa, wofufuza zigawenga amene chibakera chake sichinkabwereza. Mdani wake wamkulu adali Rabon Zollo. Pansi pa magaziniwa padali timabuku ta ku America, timene mkulu wawo wa amalume ankatumiza kuchokera ku Salisbury, kumene lero timati Harare, komwe ankagwira ntchito ya ukalaliki monga ankachitira ana ambiri a pachilumba amene adaphunzira sukulu za mishoni.

Ta ku Americato nto ndikufuna tikambirane. Superman, amene adatulukira mu 1938, ankagwira ntchito yekha, masanasana, anthu akuloza kumwamba. Koma mu 1965, nyengo imene mafilimu a James Bond adali atatenga malo ndipo America ndi Russia ankazondana usiku ndi usana, Stan Lee ndi Jack Kirby a kampani ya Marvel adatenga msilikali wa m'nkhani zawo za nkhondo, Nick Fury, namuika kukhala mkulu wa bungwe la akazitape lotchedwa S.H.I.E.L.D. Chaka chomwecho Wally Wood adatulutsa T.H.U.N.D.E.R. Agents, gulu la ngwazi za zovala zowala zimene zinkagwira ntchito pansi pa United Nations. Wina adali ndi lamba womupatsa mphamvu kwa kanthawi kochepa. Wina adali ndi chovala chomuthamangitsa ngati mphenzi, koma nthawi iliyonse akachivala chinkamudyera masiku a moyo wake. Kuyambira pamenepo ngwazi idakhala ndi bwana, ndi fayilo, ndi nkhani zosauza mkazi wake.

Tsono taonani kusokonekera kwake. Chovala chowala chimati, ndioneni, ndine mtetezi wanu. Ukazitape umati, musandione, ndipo musandifunse. Mukaziphatikiza ziwirizi mumapeza mphamvu imene aliyense amaiona n'kumaiwombera m'manja, koma palibe amene angaiyitanire pabwalo kuti ifotokoze kumene idali usiku. Funso limene landisowetsa tulo chichokereni ku Khuyu ndi lomweli: kodi munthu angachite choipa mumdima m'dzina loteteza anthu onse, n'kukhalabe munthu wabwino? Ngati angatero, amamuyesa ndani, poti ife otetezedwafe sitiloledwa kusuzumira?

Makomikiwo funsoli amalidziwa. Mu 1987 John Ostrander adalembera kampani ya DC nkhani za Suicide Squad. M'menemo mayi wina wa boma, Amanda Waller, amatenga akaidi oopsa m'ndende n'kumawatuma ntchito zimene boma silingavomere kuti ndi lake. Akabwerako amoyo amawachotserako zaka za ukaidi, akagwidwa boma limawakana, ndipo ena amawaveka chibangili cha bomba pamkono kuti asathawe. Maganizo a mayiyo ndi osavuta kumva: kuti inu mugone tulo tabwino, pafunika wina adetse manja, ndipo ndi bwino musamudziwe.

Tisafulumire kumunyoza. Dziko lili ndi adani enieni. Wapolisi wosaka mbava salengeza pawailesi njira imene adzere. Ngakhale msodzi amene wapeza pamene pali usipa sauza gombe lonse. Chinsinsi pachokha si tchimo, ndipo amene amati boma lisakhale ndi chinsinsi n'chimodzi chomwe sadasungepo ngakhale mbuzi. Ine ndemwe, ndikadafunsidwa ndisanapite ku Khuyu, ndikadati pang'ono mayiyo akunena zoona.

Tsono imvani za amalume.

Likoma ndi dziko la Malawi, koma lazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo ukakwera kachitunda kalikonse mapiri a tsidya lija amaoneka ngati ungawakhudze. Anthu a pachilumba ndi a ku Cobue ndi amodzi: chilankhulo chimodzi, tchalitchi chimodzi, maukwati olowana. Nkhondo ya FRELIMO yolimbana ndi Apwitikizi itayamba mu September 1964, anthu ambiri a tsidyalo adathawira pachilumba. Boma la Dr Banda lidali paubwenzi ndi Apwitikizi, amene adali ndi malo a asilikali apamadzi ku Metangula, ndipo iwo adathandiza Malawi ndi maboti olondera panyanja. Choncho bwato lililonse lowoloka usiku lidasanduka nkhani.

Mu 1972 amalume adali mnyamata wa zaka 20, wodziwa Chingerezi, wopanda ntchito, mutu wodzaza ndi Spear ndi Nick Fury. Tsiku lina adakumana ndi amuna awiri achilendo ovala bwino. Amene adawatuma amunawo amalume sadandiuze, ndipo ndikukhulupirira kuti iwonso sankadziwa bwinobwino. Adawagulira tiyi, nawayamikira nzeru, nawauza kuti dziko lili pangozi ndipo likusowa anyamata a maso akuthwa. Adawapatsa kope laling'ono, pensulo, makwacha awiri pamwezi, ndi nambala yoti azilemba m'malo mwa dzina.

"Nambala ija ndiyo idandipha," adatero amalume. "Ndidayenda kubwerera ku Khuyu ndikumva ngati ndavala malaya osalowa chipolopolo. Anzanga ankakoka chilimira, ine ndikuti mumtima, inu simukudziwa kuti ndine yani."

Kwa miyezi ingapo m'kope mudalibe kanthu. Amuna aja adayamba kuonetsa kukhumudwa. Ndiye amalume adalemba za msodzi wina wa m'mudzi momwemo, bambo wa ana asanu, amene ankawoloka usiku kupita tsidya lija atanyamula mchere ndi sopo, n'kumabwerako nthawi zina ndi odwala opita kuchipatala cha mishoni. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo mudzi wonse unkadziwanso kuti kumeneko kudali alongo ake. Amalume adalemba masiku ndi maola, mwaudongo, monga adaonera m'timabuku. Za alongo ake sadalembe, poti zikadachepetsa kukoma kwa lipoti.

Patatha masabata atatu msodzi uja adatengedwa. Sadaonekere m'khoti lililonse, poti malamulo a nthawiyo ankalola boma kutsekera munthu osamuzenga mlandu. Adabwerako patatha zaka zinayi, mano atatha, akutsokomola, bwato litaolera pagombe, ana awiri atasiya sukulu. Adakhala zaka zina pafupifupi makumi awiri. Lamulungu lililonse iye ndi amalume ankagwada pa guwa limodzi kulandira mgonero, ndipo atamwalira amalume adali m'gulu la onyamula bokosi.

Ndidafunsa, "Nanga Malume, pamene munkalemba, mumtima simunkamva kanthu?"

Adati, "Ndinkamva. Koma ndinkati amene adandituma akudziwa zambiri kuposa ine. Ndinkati ine ndikuona kachidutswa, iwo akuona chithunzi chonse."

Mawu amenewa ndi amene ndikufuna tiwasinkhesinkhe, abale anga, chifukwa ndi mawu a ngwazi iliyonse ya m'makomiki a ukazitape. Ngwazi imapatsidwa envulopu, imauzidwa kuti zina sizikuikhudza, imapita. Ndipo poti wolemba nkhaniyo ndi amene amalamulira dziko la m'kabukumo, pamapeto zimapezeka kuti amene adamenyedwayo adalidi chigawenga. Wowerenga amaona zonse: amalowa m'chipinda chachinsinsi, amamva maganizo a ngwazi, amaona bomba limene likadaphulika. Apa ndi pamene kabuku kamatinamiza. Kamatipatsa mpando wa Mulungu, n'kutiphunzitsa kukhulupirira ntchito za mumdima chifukwa ife taziona. Koma kunja kuno palibe wowerenga. Kuli mnyamata wa kope, bwana amene akufuna lipoti kuti naye akondweretse bwana wake, ndi msodzi amene sadzafunsidwa mbali yake.

Munthu sakhala wabwino payekha ngati mwala. Chimene chimatigwira dzanja tikafuna kulakwa, nthawi zambiri, ndi maso a anzathu. Pachilumba pali gule wa malipenga, amene adatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda. Magulu ake amatchedwa maboma, ali ndi maudindo ngati a usilikali, amavala yunifolomu zoyera mbee, amaguba ndi malipenga a zikho. Nawonso ndi gulu la zovala zowala. Koma aliyense pabwalo amadziwa kuti uyo ndi mwana wa uje, ndipo akaphonya phazi mudzi wonse umaseka, azakhali ake n'kukamunena kunyumba. Yunifolomu ya malipenga imamuika munthu poyera. Nambala ya amalume idawachotsa poyera. Idawachotsera azakhali, idawachotsera manyazi, ndipo munthu wopanda womuchititsa manyazi amafika patali asanazindikire kuti wasochera.

Kunong'oneza koteroko sikudayambe ndi makomiki, ndisanamizire mapepala. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene chidayamba kumangidwa mu 1903, chili pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankawotcherapo anthu onenedwa kuti ndi mfiti. Nawonso aja ankafa ndi mawu onenedwa kuseri ndi munthu wodziyesa mtetezi wa mudzi. Chimene timabuku tidachita ndi kumuveka wonong'onezayo suti ndi chipewa, kuti adzione wokongola.

Dziko lathu lonse lidadutsa m'sukulu imeneyi. A Malawi Young Pioneers, amene adakhazikitsidwa mu 1963, adali gulu la yunifolomu loguba mokongola pamaso pa Ngwazi, ndipo kunena zoona ambiri adaphunzirako ulimi, ukalipentala ndi umakaniko. Koma gulu lomwelo lidali ndi mfuti ndi makutu m'midzi, ndipo silinkayankha kwa wina aliyense koma mwini wake. Pambali pake padali nthambi yapadera ya polisi, Special Branch. Mu May 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adapezeka atafa m'galimoto ku Thambani m'boma la Mwanza. Mtundu udauzidwa kuti idali ngozi ya pamsewu. Padatenga zaka khumi ndi chimodzi kuti bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi Jaji Mtegha, likhazikitsidwe mu 1994, n'kupeza kuti anthuwo adachita kuphedwa ndi apolisi, ngozi ija idali yochita kukonza. Pamlandu umene udatsatira, khoti lidapeza Dr Banda ndi a John Tembo osalakwa mu December 1995. Anthu anayi adafa, manja amene adawapha adadziwika, koma mwini lamulo sadapezeke. Umu ndi momwe ntchito ya mumdima imapangidwira: imamangidwa mwadala kuti ukaitsata uthere panjira.

Dzanja lomwelo linkafika kunja. A Attati Mpakati, mtsogoleri wa LESOMA, adaduka zala ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1979, ndipo mu 1983 adapezeka ataphedwa ku Harare. Mtolankhani Mkwapatira Mhango adafa pamodzi ndi a m'banja lake nyumba yawo itaponyeredwa bomba lamoto ku Lusaka mu 1989. Mukaziwerenga popanda maina, nkhanizi zikufanana ndi za m'bokosi la amalume: maulendo achinsinsi, malire owolokedwa usiku, adani a dziko. Kusiyana kwake n'kwakuti muno mudafa ana. Apayoniya adalandidwa zida ndi asilikali mu December 1993 pa Operation Bwezani, ndipo mu January 1996 Dr Banda adapepesa mtundu pa zowawa zimene anthu adakumana nazo mu ulamuliro wake. Koma anyamata a makope, amene adali m'mudzi uliwonse, m'sukulu iliyonse, m'bawa iliyonse, adangobwerera kumunda chete.

Pali nkhani ina imene ndidaidziwa ndili ku koleji, imene imandiseketsa ndi kundiopsa nthawi imodzi. Mu 1975 ku South Africa kudatuluka komiki yotchedwa Mighty Man. Ngwazi yake idali wapolisi wakuda amene adalandira mphamvu zodabwitsa, wovala chigoba ndi chinsalu chakumsana, womenyana ndi atsotsi ndi ogulitsa chamba m'malokeshoni onga Soweto. Ankamenya aliyense, kupatula amene ankafunsa anthu mapasi. Za tsankho sadatchulepo. Patapita nthawi zidaululika kuti ndalama zosindikizira zinkachokera mwachinsinsi ku dipatimenti yofalitsa nkhani ya boma la azungu, ija idagwetsa nduna Connie Mulder mu 1978 ndi John Vorster mu 1979 chinyengo chake chitadziwika. Ndiye kuti kabuku ka ngwazi kadali ntchito ya ukazitape pakokha. Ana a ku Soweto sadapusitsike, ndipo komikiyo siidakhalitse chipolowe cha June 1976 chitachitika. Phunziro lake n'lakuti ukapatsidwa ngwazi, funsa kuti ndani wakulipirira, ndipo yang'ana amene ngwaziyo siikuwamenya.

Tsono wina anena, ndipo anena zoona: "Iwe mlembi, nanga ufulu umene ukulembera m'nyuzipepalawu udabwera masana?" Ayi, sudabwere masana. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992 idasindikizidwa mwakachetechete ku Balaka n'kugawidwa m'maparishi boma lisanadziwe. Timakalata totsutsa boma tinkayenda usiku, m'masokosi ndi pansi pa zitseko. Popanda chinsinsi chimenecho sitikadaponya voti ya riferendamu pa 14 June 1993. Ngakhale msodzi wa ku Khuyu uja ankapalasa mumdima, nyali atazimitsa. Iye ndi amalume onse adali anthu a usiku. Choncho mdima si muyeso.

Muyeso ndikuuona pawiri. Poyamba, ukubisira yani? Msodzi ankabisira amphamvu kuti athandize ofooka. Amalume ankabisira ofooka kuti akondweretse amphamvu. Chinsinsi cha kalulu pothawa mkango ndi chinsinsi cha mkango pozembera kalulu si chimodzi, ngakhale onse akuyenda chonyang'ama. Kachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani: kukacha, uvomera kuti ndiwe? Maepiskopi adasindikiza kalatayo mobisa, koma pansi pake adalembapo maina awo, Arkiepiskopi James Chiona ndi anzake, ndipo atayitanidwa ndi apolisi adapita ndi nkhope zawo. Monsinyo John Roche adathamangitsidwa m'dziko chifukwa cha dzina lake lomwelo. Chinsinsi chawo chidali cha masiku owerengeka, chodikira Lamulungu. A ku Mwanza adabisa maina, nabisa mitembo m'galimoto, nakonza bodza loti likhale mpaka muyaya. Chinsinsi chabwino chimakhala ndi tsiku lotha, ndipo mwini wake amalidikira tsikulo. Choipa chimaopa kucha.

Olemba makomiki ena adafika pomwepa. Mu 1974, chaka chimene Richard Nixon adatula pansi udindo chifukwa cha nkhani ya Watergate, Steve Englehart adalemba nkhani imene Captain America, ngwazi yovala mbendera ya dziko lake, idatsata gulu lachiwembu mpaka kukapeza kuti mutu wake uli mu White House momwe. Ngwaziyo idavula chovala chija n'kukhala kanthawi yopanda mbendera. Kabuku kameneko m'bokosi la amalume mudalibe. Kadatuluka msodzi uja ali kale m'ndende chaka chachiwiri.

Lero tili ndi zida zimene makolo athu adalibe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Bungwe la ukazitape la dziko lili ndi lamulo lake lolembedwa, lodutsa ku Nyumba ya Malamulo. Izi ndi zabwino, koma lamulo ndi ukonde: likapanda woliponya m'madzi limangoola pamchenga. Ku South Africa, kuyambira 1996, bungwe la Desmond Tutu linkakhululukira munthu pokhapokha ataulula zonse pagulu. Ife tidasankha njira ya chipukuta misozi kudzera ku National Compensation Tribunal, imene idatsekedwa anthu ambiri asanalandire kanthu, ndipo za kuulula tidati zakale zisiyeni. Mwina n'chifukwa chake mu 2024 ndi 2025 tidaonanso anyamata obisa nkhope, zikwanje m'manja, akubalalitsa zionetsero mu Lilongwe dzuwa likuswa mtengo. Ndikawaona pazithunzi sindiona zilombo. Ndimaona mnyamata wopanda ntchito amene wina wamugulira tiyi, namuuza kuti dziko lili pangozi.

Usiku umenewo amalume adandifunsa chimene adandiitanira. "Iwe umalemba m'nyuzi. Ndichite chiyani?"

Ndidati, "Malume, nyuzi ibwere pambuyo. Mayi aja alipo?"

Adalipo. M'mawa mwake tidapita, ine nditawagwira mkono, iwo akupuma pamlambe uliwonse. Mtunda wa mphindi khumi tidayenda pafupifupi ola. Tidawapeza mayiwo, okalamba zedi, atakhala pamphasa akuyang'anira chinangwa chimene zidzukulu zidayanika pathandala. Atatha malonje amalume adavula chipewa, nagwada movutikira, nanena zonse: za tiyi, za kope, za nambala, za alongo amene sadawalembe.

Mayiwo adakhala chete nthawi yaitali, akuingitsa nkhuku ndi kandodo. Kenaka adati, "Tidadziwa chaka chomwecho, bambo. Pachilumba pano mungabise chiyani? Mnyamata wosagwira ntchito wagula nsapato zatsopano. Malemu adatiletsa kunena. Adati musiyeni, adzabwera yekha." Adaingitsanso nkhuku. "Mwachedwa. Iwo adakudikirani mpaka adatopa."

Sadanene kuti ndakukhululukirani, ndipo sadanene kuti sindikukhululukirani. Adauza mdzukulu kuti atipatse mpando ndi madzi akumwa. Pobwerera amalume sadayankhule mpaka pakhomo, pamene adati, "Zaka makumi asanu ndimayesa ndavala chigoba. Kani aliyense ankandiona."

Akuluakulu adati mlandu suola, ndipo ndidauona ndi maso anga uli wauwisi patatha zaka makumi asanu. Funso langa lija ndaliyankha theka lokha. Inde, munthu angagwire ntchito mumdima n'kukhalabe wabwino, koma pokhapokha ngati pali bwalo limene adzaimepo kukacha, ndipo iye akulidziwa, ndipo akuvomera kudzaimapo. Bwalolo likhoza kukhala khoti, komiti ya aphungu, nyuzipepala, kapena mphasa ya mayi wamasiye. Ngwazi imene ilibe bwalo lotero, kaya yavala mbendera, kaya yunifolomu, kaya chinsalu chakumsana, tiziiopa ngakhale itatipulumutsa dzulo. Theka limene latsala n'lakuti bwalolo likachedwa zaka makumi asanu limabwezera chiyani kwa ana awiri aja amene adasiya sukulu. Pamenepo ndilibe yankho, ndipo mayi aja sadandipatse.

Amalume adandilola kulemba, bola ndisatchule maina a anthu a m'mudzi, poti ana a msodzi uja ali ndi ufulu wonena okha nkhani ya bambo awo. Bokosi adandipatsa. Lili kuno ku Blantyre, ndipo mwana wa mchemwali wanga, wa zaka khumi ndi ziwiri, walipeza kale. Sindidamuletse. Dzulo adandionetsa tsamba limene Nick Fury akutuma anyamata ake usiku, nati, "Malume, taonani, uyu ndiye dolo." Ndidakhala naye pansi, tidawerenga limodzi mpaka kumapeto, kenaka ndidamufunsa kuti munthu amene agwidwa patsamba lomalizayo akapita naye kuti, ndipo akauze ndani kwawo. Adatembenuza tsamba kufuna yankho, napeza malonda a njinga.